Nyenyezi Zachitsulo za Amini

Dzuwa la Okutobala, mwezi umene Ashona amati Gumiguru, ndi limene linaulula cholakwa cha Amini Saidi. Linali Lolemba, pa swala ya Aswiri, pemphero la Asilamu la chakumadzulo. Zenera latsopano anali atalikhoma m'mawa wa tsiku lomwelo kukhoma lakumadzulo kwa kamzikiti kawo ku Mbare, m'dziko la Ashonawo, ndipo aliyense wodutsa panja analiyamikira: nyenyezi zachitsulo makumi anayi ndi zisanu ndi zitatu, iliyonse ya nsonga zisanu ndi zitatu, zogundana nsonga ndi nsonga, zopakidwa penti wobiriwira. Koma dzuwa litapendeka linafika kumbuyo kwa zeneralo. Nyenyezi zinada bii, kuwala kunadutsa m'mipata ya pakati pake n'kugwera pa kapeti, ndipo mpata uliwonse unali mtanda.

Amini anaiona ali chiweramire, swala ili mkati. Mitanda yoyera inali itandandalika m'mizere, pamalo pomwe anthu amagunditsa mphumi. Umodzi unali patsogolo penipeni pa Che Mustafa, wapampando wa komiti ya mzikiti. Anawaona akuzengereza, kenako n'kupendeketsa mutu kuti mphumi igwere pamthunzi. Palibe anasiya swala. Koma itatha, palibe anamupatsa dzanja.

Amini anabadwira ku Mbare komweko. Bambo ake anachokera ku Machinga ali mnyamata, nagwira ntchito m'fakitale ina ku Graniteside mpaka msana unapindika. Sukulu Amini anailekera fomu yachiwiri, koma kampasi ya m'bokosi la masamu sanaitaye. Chimene chinamugwira mtima kuyambira kale n'chakuti zinthu zimadzibwereza. Thunthu la jakaranda limagawikana, nthambi iliyonse n'kugawikananso, mpaka kanthambi kotsiriza kamene kamaoneka ngati mtengo wonse uja. Matope a m'mbali mwa mtsinje wa Mukuvisi akauma m'chilimwe amang'aluka zigawo, chigawo chilichonse n'kung'alukanso tizigawo tofanana nacho. Ankatha kuima pamlatho akuyang'ana ming'aluyo mpaka kombi, minibasi imene amadikira, kumusiya.

Atakula anakhala wowotcherera zitsulo ku Magaba, kumene nyundo sizipuma. Anzake kumeneko amapanga mageti ndi zitsulo zotchingira akuba m'mazenera, mizere yoongoka, ntchito ya tsiku limodzi. Iye ankayamba ndi kusesa pansi. Kenako ankakhoma msomali, kumangirira chingwe chokhala ndi choko kunsonga, n'kuzunguliza. Bwalo limodzi linkabala ena, mizere n'kudutsana, ndipo pofika masana pansi ponse pankakhala nyenyezi mkati mwa nyenyezi. Anzakewo ankamuseka kuti geti la Amini likamatha, wakuba amakhala ataba kale, kumangidwa, kutuluka n'kulapa.

Zenera la mzikiti analipempha yekha. Mkatimo munali mdima ndi chifundizi, ndipo iye ankafuna kuti pa Aswiri kuwala kuziyala pansi ngati nsalu. Anayamba m'mphepo za Juni. Nyenyezi iliyonse anaidula pa lata lochindikala, n'kugogodapo ndi msomali kanyenyezi kena, ndi kenanso mkati mwa kameneko. Ntchito yonse anaigwirira pansi monga mwa masiku onse, pa dothi lakuda ndi oyilo ndi makala. Pamenepo mipata inkaoneka yakuda ngati dothilo, diso n'kumangoona nyenyezi zobiriwira. M'miyezi isanu sanaliimike ngakhale kamodzi kuti aliyang'ane motsutsana ndi dzuwa. Cholakwa chonse chinali chimenecho.

Komiti inakumana pakhonde anthu asanabalalike. Dzina la Annet silinatchulidwe, koma aliyense ankalimva. Annet ndi mkazi wa Amini, mwana wa banja lachikhristu lochokera ku Dedza, ndipo kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri za ukwati wawo wakhala akupitabe kutchalitchi kwake Lamlungu. Anthu anali atazolowera kusanenapo kanthu. Tsiku limenelo Che Mustafa anangoti munthu amajambula zimene amaona kunyumba kwake.

"Sindinadziwe, Che Mustafa," anatero Amini.

"Inu? Munthu woyeza ngakhale tsitsi ndi kampasi, musadziwe?"

Ena anayang'ana pansi. Wina anati zenera lichoke nthawi yomweyo. Shehe, bambo okalamba amene amayankhula pang'ono, ndiwo anadula nkhani. Anati zenera liphimbidwe ndi masaka, ndipo Amini apatsidwe mpaka Aswiri ya Lachinayi kuti akonze. Zikakanika, lidulidwe Lachisanu lisanafike, mzikiti usanadzaze. Amini anamva bwino lomwe tanthauzo lake. Zenera likachoka m'manja mwa ena, mawu a Che Mustafa akhala chiweruzo, ndipo mzikiti umene bambo ake anaumbira njerwa udzamudziwa ngati munthu amene anaulowetsera mitanda mwadala.

Mbiri inafika kunyumba iye asanafike. Annet anaimvera ku Mbare Musika, kumene amagulitsa tomato, pomwe amayi awiri a kumzikiti amene amagula kwa iye masiku onse anadutsa patebulo pake ngati sakumuona. Amini anapeza kalendala ya tchalitchi, ija yokhala ndi mtanda pamwamba, itachotsedwa kukhoma, pamalo pake patatsala msomali wokha. Anafunsa kumene yapita. Annet anati ili pansi pa matiresi, ndipo anawonjeza kuti mawa apita yekha kwa Shehe kukalumbira kuti zenera sanalione n'komwe.

"Bwezeranipo, mayi a Iqra," anatero Amini. "Inu simunagwire choko."

Annet anaibwezera, koma inakhala mopendekeka.

Lachiwiri Amini anatenga nyenyezi zinayi zimene zinatsala, naziwotcherera pamodzi monga zilili pazenera, naziimika pa mgolo kuyang'ana kudzuwa. Mtanda unagwa pansi, woyera, wa mikono inayi yosongoka. Anauyang'ana nthawi yaitali. Anali ataujambula yekha, ndi choko chake, kokwana makumi atatu ndi kasanu, osauona.

Ali chomwecho anafika Fackson, mchimwene wa Annet, mphunzitsi wa masamu wopuma pantchito wa ku Highfield. Ndi iyeyu amene zaka zapitazo anauza Amini kuti zinthu zodzibwereza zija ophunzira amazitcha mafulakitalo, n'kumubwereka buku la zithunzi limene silinabwererenso. Anavula chipewa, nayang'ana pansi, namwetulira.

"Alamu, zaka zonsezi ndakhala ndikukunyengererani kuti mubwere kutchalitchi. Kani inu mumafuna kutengera tchalitchicho kwanu?"

Amini sanaseke. Fackson anaona nkhope yake, nakoka chitini n'kukhalapo.

Anayesa njira yoyamba imene aliyense wa iwo akanaganiza. Amini anadula kanyenyezi kakang'ono nakawotcherera pakati pa mpatawo. Pakati panada, koma mikono inayi inatsala ikuloza mbali zinayi, ndipo diso linkailumikiza lokha. Anadula tina tating'ono kuposa apo natiika m'mikonomo. Pafupi, kuwala kunaoneka ngati mpunga wotayika. Fackson anamuuza kuti abwerere m'mbuyo mapazi khumi. Atabwerera, tizidutswa tonse tinasonkhananso, mtanda uli pomwepo. Ndipo atagwada n'kuyang'anitsitsa, anapeza kuti paliponse pamene tinyenyezi tinayi tayandikana, kuwala kwayambanso kutambasula timikono tinayi.

Tsiku lina lililonse chinthu chimenechi chikanamusangalatsa. Chinali chomwe chija cha jakaranda ndi cha matope, chachikulu kubwerera m'chaching'ono popanda mapeto. Koma tsopano chinali kumuwonongera ntchito.

Lachitatu kunatentha kuposa masiku onse. Mitambo inaunjikana kumpoto cha m'ma thwelofu, ikugunda patali, koma dontho silinagwe. Maluwa a jakaranda ankauma pomwe agwera. Magetsi kunalibe, ndipo jenereta imene amabwerekana inali kwa wina mpaka masana. Fackson anabweranso ndi kope ndi pensulo. Anajambula, kufufuta, kujambulanso. Anati nyenyezi ya nsonga zisanu ndi imodzi siisiya mtanda, koma kuti ayambirenso zenera lonse pafunika miyezi ina isanu. Anatinso Amini atha kudzaza mipata ndi tizitsulo topingasa chisawawa kuti diso lisokonezeke, n'kuuza a komiti kuti zatheka. Amini anayesa pa mpata umodzi. Zinaoneka ngati chisa cha mbewa. Anazigumula ndi nyundo.

Pomaliza Fackson anatseka kope. Anati mpata sukhala ndi maonekedwe akeake, umatengera zimene zauzinga, ndipo bola nyenyezi zikhale zinayizinayi chomwecho, kuwala kulikonse kodutsa pamenepo kudzanena zomwezo.

"Ndiye kuti palibe njira," anatero Amini.

"Ilipo, alamu. Koma simuikonda."

Amini anali ataiona kale. Anapita kuseri kwa shedi kukayeza lata lalikulu limene analisungira geti la munthu wina.

Lachinayi anakankha ngolo kuchoka ku Magaba dzuwa lili paliwombo. M'ngolomo munali nyenyezi zinayi zija, makina owotcherera, jenereta, ndi lata lopakidwa penti wobiriwira amene anali asanaumitsitse. Che Mustafa anamuchingamira pachipata, namukokera pamthunzi wa khoma. Anayankhula motsitsa, ndipo sanali ankhanza. Anati iwo anawadziwa bambo ake, sakufuna kuti mwana wawo achite manyazi. Ngati ntchito yakanika, angonena pamaso pa anthu kuti maganizo a chithunzicho anachokera kuchilamu, kwa mphunzitsi uja wa mabuku, ndipo iye anangotsatira mosadziwa. Anthu amukhululukira lero lomwe. Zenera lichoka mwakachetechete.

Amini anayang'ana ngolo yake. Zinali zosavuta. Fackson sakanamva msanga, ndipo akanamva mwina akanangoseka. Koma Annet amagulitsa tomato kwa akazi a anthu omwewa.

Amini anawasiya pachipatapo. Anatsuka manja, nkhope ndi mapazi, nalowa.

Swala inachitika masaka ali pazenera. Itatha, anthu sanatuluke. Analipo ambiri kuposa pa Aswiri ya masiku onse, ena oti sanaonekeko chichokere Ramadani. Amini anapempha kuti makapeti apindidwe, naimika nyenyezi zinayi zija pakhomo pomwe dzuwa linkafika. Anawaonetsa mtanda waukulu umene unatsalabe, ndi timitanda tating'ono timene tinabadwa mkati mwake. Ananena zonse.

"Ndayesa masiku atatu, Shehe. Suchoka. Ndikautseka ndi zazing'ono, umabwerera waung'ono. Zenera limeneli ndinalijambula ndekha, ndinalidula ndekha. Mkazi wanga ndi mlamu wanga sanaligwire. Ndinagwirira pansi, sindinaliimike kudzuwa. Ndinkayang'ana chitsulo, mpata sindinauyang'ane."

Munthu wina kumbuyo anang'ung'udza kuti ndiye lidulidwe basi. Che Mustafa anati mgwirizano unali womveka, Lachinayi lafika ndipo mitanda ilipobe. Amini anati n'zoona. Anapempha chinthu chimodzi, kuti amulole awotcherere lata kumbuyo kwa nyenyezizo, mkati. Kunja zidzaoneka monga zinkaonekera pansi ku Magaba, chobiriwira pa chobiriwira. Mkati simudzalowa kuwala ngakhale kwa diso la singano. Mdima ndi chifundizi zidzabwerera monga kale.

"Ndiye zenera lanji losalowetsa kuwala?" anafunsa Che Mustafa.

"Silikhalanso zenera," anatero Amini.

Kunja munthu wogulitsa madzi ozizira ankaitanira m'Chishona. Shehe anafunsa Amini kuti m'miyezi isanu ija ankafuna chiyani kwenikweni. Amini anati ankafuna kuwalako. Shehe anagwedeza mutu pang'onopang'ono, natembenukira kwa anthu. Anati munthu wochita dala sabwera yekha ndi lata lodzaphera ntchito yake, ndipo nkhani ya kunyumba kwa Amini isamvekenso pakhonde la mzikiti uno kapena kumsika. Che Mustafa anayang'ana anthu. Kenako anauza amuna awiri kuti athandize kunyamula lata.

Anachotsa masaka. Kuwala kunagwanso pa simenti, mizeremizere, kufika pafupi ndi khoma lakummawa. Amuna aja anakweza lata kuchokera pansi, ndipo mizere inayamba kuzima umodziumodzi. Utatsala wapamwamba wokha, Shehe anakweza dzanja kuti aime. Anayenda ndi ndodo yawo kufika pomwe kuwala kunkathera, naima pamenepo akuyang'ana pansi, kenako kuzenera, kumene tinyenyezi togogoda ndi msomali tinkaoneka m'mphepete mwa chitsulo. Mikono ya amuna onyamula lata inayamba kunjenjemera.

"Munagwira ntchito, mwana wa Saidi," anatero Shehe. "Tsekani."

Lata linakwera. Amini analiza jenereta, natsitsa chigoba choteteza maso, nayamba ndi ngodya ya kumanzere.