Achimwene a Yohane awazimitsira kompyuta ku kwaya

Mwaswera bwanji abale nonse.

Ndangofika kumene kuchokera ku tchalitchi kuno ku Chamama. Achimwene a Yohane anapita ku kwaya lero, koyamba chidwalireni sitiroko. Paja dzanja lamanzere linafa, gitala sangaimbenso. Ndiye ananyamula laputopu ya mwana wawo, imene akhala akupangira nyimbo ndi dzanja limodzi.

Nyimbo itangoyamba, mkulu wa mpingo wina anaimirira. Amvekere, "Zimitsani. Ichi si choimbira, ndi makina a mu ofesi. M'nyumba ya Mulungu aziimba ndi munthu."

Achimwene sanakwiye. Ananyamula dzanja lakufalo ndi linzake n'kuliika patebulo. Anati, "Bambo, zaka zonse zija Mulungu ankamva mawaya a gitala kapena ankamva ine? Zonse mwamvazi ndaziika ndekha, chimodzichimodzi."

Koma kompyuta ija anaizimitsabe. Amayi ena a kwaya anagwetsa misozi. Akuti nkhaniyi aikamba akulu a mpingo Loweruka.

Pobwerera ndinayenda nawo achimwene. Titafika pa chigafa chawo cha fodya anangoti akawakaniza, basi sadzaimbanso.

Inu mukuti bwanji, kompyuta n'choimbira kapena ayi? Nanga Lowerukalo ndani abwere? Ine sindikufuna akaime okha.