Chitsime cha Mayi Faines

Mayi Faines akhala akuchapira anthu zovala pa Malomo kuyambira ali mtsikana. Mipopi itafika, a Elifala, wapampando wa komiti ya madzi, anawauza kuti zitsime zimadwalitsa. Mayiwo anamvera, nakwirira chitsime chimene malemu amuna awo anawakumbira.

Koma madzi a pampopiwo anali amchere. Sopo sankachita thovu, malaya oyera ankatuluka otuwa, ouma gwa, mpaka makasitomala anayamba kuthawa.

Atatopa nazo, anapita kukadandaula kwa a Elifala. Kuseri kwa nyumba anapeza akazi a bambowo akuchapa, thovu mpaka m'zigongono, chidebe chili pakamwa pa chitsime.

"Kani chanu simunakwirire?" anafunsa Mayi Faines.

"Aaa, mayi," anaseka akaziwo, "madzi a pampopi aja munthu n'kuchapira?"