Mapaleti a Pansi pa Bedi Langa

Lolemba kapitawo anandibweza pageti.

Ndimagwira ganyu yonyamula matumba kumafakitale. M'mawa uliwonse timaima pamzere, iye n'kumaloza amene akuwafuna. Atafika pa ine anaima n'kutchera khutu.

"Mudala, chifuwa chanu chilira monga kamphaka. Mukapola muzabwera."

Sindinatsutse. Chiyambireni mvula ndimangoyetsemula, maso kuyabwa, mpweya kuperewera. Ndikatuluka panja ndimapezako bwino. Ndikagona m'nyumba, m'mawa zayambiranso. Mkazi wanga anafika pondifunsa kuti, "Kapena ndine nikudwalitsani? Kambani chabe, niyende kwathu ku Petauke."

Kukiliniki namwino anafunsa za pogona. Nyumba imalowa madzi? Ndinati mayi, ndimakhala ku Kanyama, komboni yosefukira madzi. Muli matabwa onyowa? Apo ndinakumbuka za pansi pa bedi langa. Anandipatsa mapiritsi. Anati thupi langa limadana ndi chuku, ndipo mapiritsi sangapite patali ngati ndikupumabe fumbi lake.

Bedi lathu linkakhala pa mapaleti anayi, matabwa aja osanjikapo katundu. Ndinawatola kuntchito kalekale kuti madzi akalowa asafike pamatiresi. Ndinkadzitama nawo. Alendo ndinkawaonetsa.

Tinasuntha bedi. Pansi pake panali poyera ngati thonje, m'mbali mutamera tibowa tofiirira. Thabwa limodzi ndinaliboola ndi chala. Ndinamanga nsalu kumphuno n'kukokera zonse panja.

Sindinapume n'komwe, anatulukira Bana Mwila. Ndi mayi wa khomo loyandikana ndi lathu, wochokera ku Kitwe, ali yekha ndi ana atatu.

"Ba neba, mutaya? Nipatseni. Bana banga bagona pansi."

"Vaola. Vidwalitsa."

"Vinadwalitsa imwe. Ife matenda ya bazungu sitiyadziwa."

"Nakana."

"Manzi yakalowa mawa, muzabwera kunyamula bana banga pamutu?"

Ndinatenga nkhwangwa n'kuwaza mapaleti onse iwo akuyang'ana. Zidutswazo ndinakataya kudzala. Kuyambira tsikulo sandipatsa moni.

Nkhaniyi sikundichoka m'mutu.

Mukomboni sititaya chinthu. Kabati ikawola kumsana, imapita kwa mlamu. Ikawola kwa mlamu, imapita kwa wina wosaukirapo. Timati ndi chifundo. Koma kodi timapatsana chiyani kwenikweni? Ndani amatembenuza thabwa kuti aone kunsi kwake asanapereke?

Mawindo timatseka chaka chonse poopa akuba, katani yokhuthala pamwamba. Mwini nyumba akaona khoma lada, amapaka penti wina asanalowe. Mwana akamatsokomola miyezi itatu timati ndi chimfine cha mvula. Mvula ikatha chimachepadi, ife n'kuiwala. Chaka chamawa chimodzimodzi.

Sindine dokotala. Sukulu ndinalekezera ku pulayimale. Ndingonena zimene ndachita. Bedi ndaika pa mabuloko a simenti. Ndalichotsa kukhoma. Windo limakhala lotsegula bola pakhomo pali munthu. Dzuwa likangowala, matiresi panja. Khoma watsuka ndi mkazi wanga, ine ndili kutali, chifukwa ndikayandikira maso amatupa. Chuku sichinathe. Khomalo limayamwa madzi kuchokera pansi, ndipo nyumba si yanga.

Komabe Lachisanu kapitawo ananditenga. Ndinanyamula matumba mpaka madzulo osabanika kwambiri.

Pobwerera ndinadutsa pakhomo pa Bana Mwila. Anali atakwezera zofunda pampando, akuyang'ana kumwamba. Mitambo inali itada mbali ya ku Makeni. Mabuloko ena oti ndiwapatse ndilibe. Ndafunsa kwa anzanga awiri, nawonso awo ali pansi pa mabedi awo.

Bana Mwila ndinawakaniza mapaleti aja kuti ana asadwale chifuwa. Mwina sakanadwala n'komwe. Si aliyense amene chuku chimamuvuta ngati ine, namwino ananena yekha. Koma madzi akalowa, amanyowetsa aliyense wogona pansi.

Inu owerenga, nkhwangwa ija ikanakhala m'manja mwanu, mukanatani?