Tsiku limene agogo anakauza woyimba za maliro

Ndikakumbukira agogo anga aamuna, aPhiri, chimayamba kundifikira ndi fungo la fodya wouma m'chigafa, kenako kulira kwa wailesi yawo yomangidwa ndi mphira, imene inkalendewera pamtanda iwo akusankha masamba, dzuwa likudontha m'mipata ya udzu ngati ufa wogwa m'sefa. Panali woyimba mmodzi wa gitala, wopeka yekha nyimbo zake, amene akangoyamba, ngakhale nkhuku zinkayenera kukhala chete.

"Aaa, tatontholani! Mnzanga akuyankhula," ankatero agogo.

Mnzawo wa kuti? Nkhope yake anali asanaione n'komwe. Agogo aakazi, aNabanda, ankawaseka amvekere, "Kamuitaneni mnzanuyo adzakuthandizeni kupalira," koma iwonso ankang'ung'udza nyimbo zomwezo akupeta chimanga.

Ndili ndi zaka khumi, aNabanda anamwalira. Agogo aamuna sanalire, anangouma gwaa. Pamudzi pathu ku Dowa iwo anali mkamwini, kwawo kunali kuseri kwa mapiri a Ntchisi, ndiye titameta maliro, alongo awo a malemu anati nthawi yowasudzula yakwana, abwerere kwa abale awo. Ine mtima unali m'mwamba. Ndani azindisendera nzimbe? Ndani azindinena kuti ndine waulesi ngati mphaka wa m'sitolo?

Koma agogo ankazengereza. "Sindingachoke," ankatero, "pali munthu mmodzi sanamve uthenga." Dzina sankalitchula. Ine chamumtima ndinkapemphera kuti munthuyo asapezeke mpaka kalekale.

Loweruka lina, nyengo ya mphepo, anavala jekete yawo ya kutchalitchi nandikweza pakaliya ya njinga. "Gwiritsa, mnzanga wabwera ku Madisi."

Ulendowo ndimaukumbukira ngati maloto: mapesi ouma akulira m'minda, mapiri ali mbuu ndi utsi wa lupsa, msana wa agogo ukununkha fodya ndi sopo. Tinafika masana pabwalo la mpira, anthu ali pikitipikiti, jenereta ikugunda, amayi akugulitsa zitumbuwa. Atatulukira woyimbayo ndinakhumudwa. Kamunthu kochepa, ka imvi, jekete ikukakulira! Koma atangokhudza nsambo, abale inu, fumbi lenilenilo linaima m'malere. Mawu aja amene ndinkaganiza kuti amakhala m'kabokosi anali kutuluka pakhosi la munthu wopuma, wotuluka thukuta, ndipo ndinkawamva m'mimba, m'mapazi, mpaka kumizu ya tsitsi. Ndinaiwala njala, ndinaiwala kuti ndine ndani.

Nyimbo yachitatu itatha, agogo anandisiya dzanja. Anadutsa pakati pa anthu amene ankaponya ndalama zofupa, nakafika kutsogolo, navula chipewa, nanjuta pansi akuomba m'manja mwaulemu.

"Zikomo achimwene. Ndabwera kudzakuuzani zovuta. Alamu anu, aNabanda, anatisiya. Tinaika Lachitatu, chimanga chisanaume."

Chimkuzamawu chinanyamula mawu onsewo mpaka kumsika. Anyamata anafa nacho chiseko. "Madalawa aledzera!" wina anakuwa. Manyazi anandigwira, ndinabisa nkhope m'chitenje cha mayi wina wosamudziwa.

Woyimba uja sanaseke. Anawayang'ana agogo nthawi yaitali, kenako anavula chipewa chake, natsika pansanja ndi gitala wake, nakhala pafumbi pomwepo maso ndi maso ndi iwo.

"Pepani kwambiri, achimwene. Anadwala nthawi yaitali?"

"Masiku anayi okha."

"Ankakonda iti?"

"Ya mvula yoyamba ija. Ankaiyimba molakwitsa, koma ankaikonda."

Anaiyimba pomwepo, popanda chimkuzamawu, motsitsa ngati akutonthoza mwana. Bwalo lonse linati zii, mpaka wina anakazimitsa jenereta. Ndinkamva zala zake zikukwecha pansambo, ndinkamva mpweya wake. Ndipo agogo, amene sanagwetse msozi ngakhale kumanda, analira mokweza, mapewa akugwedezeka, chipewa chili pamaondo. Amayi a zitumbuwa analira nawo munthu amene sankamudziwa. Inenso ndinalira, koma mokoma, ngati ndikuyandama.

Pobwerera, pachitunda, tinatsika n'kumakankha njinga. M'pamene zinandilowa m'mutu.

"Agogo, munthu mumanena uja ndi ameneyu?"

"Ndi yemweyo, mwana wanga. Ankakhala nafe m'nyumba tsiku lililonse, ndikanachoka bwanji osamuuza? Tsopano onse amva."

Sabata yotsatira anamanga mkeka ndi khasu panjinga nalowera kumapiri. Ndinadzawaonanso kawiri kokha.

Lero ndine mayi wa ana atatu, ndipo oyimba ndawaonera ambiri, m'maholo owala magetsi. Ndimavina, ndimakuwa ngati wina aliyense. Koma nyimbo ya mvula ija ikalira m'minibasi ndimangoyang'ana pawindo. Woyimba ujayo ndimamukonda, Mulungu akudziwa, koma sindinamukhululukire kwenikweni. Akanangoseka limodzi ndi anyamata aja, mwina agogo akanakhala nafe dzinja lina.