Ndinafa Nditayang'ana Kukhoma

Ndimakonza njinga pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi depoti ya Karonga. Ndinayamba ntchitoyi tsitsi lili bii. Sukulu ndinalekeza Sitandade 6, koma sindinapemphepo munthu kuti andiwerengere kalata.

Za masewero sindinkazidziwa. Pa TV pankaonetsedwa sewero lina limene anthu ankalithamangira sabata iliyonse, la bambo wina mwini mabasi, wouma mtima, amene anathamangitsa mwana wake wamkazi pakhomo. Ndinalionapo kawiri kwa wometa tsitsi ndikudikira kuti andimete. Ndinaona kuti bamboyo amalankhula kwambiri.

Chaka chatha, mvula ili pakati, kunabwera aphunzitsi a ku sekondale, mayi wa ku Ntcheu, ndi njinga yoduka tcheni. Ine ndikulumikiza, iwo akungondiyang'ana kumaso.

"Madala, munasekapo chibadwire?"

"Tcheni ichi mukumathira mafuta ophikira," ndinatero. "Musiye."

"Ndinu ndendende!"

Anati gulu la ku tchalitchi likufuna kuika sewero lija pa siteji mu holo. Anthu onse anapezeka, kupatula mwini mabasi. Anyamata anayesa kudzithira ufa kumutu, koma oonerera ankangoseka. Ndinakana. Anabweranso katatu, njinga ili bwinobwino. Ulendo wachinayi anati pali mkulu wina wa ku Uliwa, wophunzira mpaka Fomu 4, amene wavomera, kungoti mawu akumuchulukira kuloweza. Ndinati bweretsani mapepalawo. Ndinawaloweza m'masiku asanu.

Tsopano ndinene za kunyumba, kuti zotsatirazi zimveke.

Kwathu kuno kwa Ankhonde, bambo saonana nkhope ndi mkamwana wake, ndiye kuti mkazi wa mwana wake. Salankhulana. Sakhala chipinda chimodzi. Akakumana panjira, mkamwana amapatuka n'kufunda chitenje kumutu. Makomo ena anazisiya zimenezi. Langa ayi. Mkamwana wanga wakhala pamudzi panga zaka khumi ndi zinayi, ndipo ndimamudziwa ndi zitenje zake pachingwe. Chimwalirireni mkazi wanga, iye ndi amene amandiphikira. Amaika mbale pa kampando ka pakhonde, amagogoda nsanamira kawiri, n'kumapita. Ine ndimawerenga mpaka khumi ndisanatuluke.

Mwana wanga anapita ku Joni n'kusiya kuimba foni. Pamaliro ena, anthu atadzaza, ndinanena kuti mkaziyu ndi amene anamuthamangitsa ndi pakamwa pake. Mawu a munthu wamkulu sagwa pansi. Anthu anawatola. Patapita chaka, wina wochokera komweko anandiuza zoona: mwana wangayo anatsatira mkazi wina amene anali naye kale asananyamuke. Ndiye kuti ndinanama. Mbale inapitiriza kufika pa kampando paja.

Njira yopepesera inalipo imodzi, kutuma mlongo wanga. Koma mlongo wanga akamva kanthu m'mawa, masana amakhala atadziwa ndi a ku Songwe, kumalire a dziko. Ndinakhala chete zaka zinayi. Mwezi womwe ndinalandira mapepala a sewero, mlongo wangayo anandiuza kuti mkamwana akangokolola mpunga abwerera kwawo ku Chilumba, watopa kulozedwa chala kuchitsime. Ana atatu akanatsala, poti ng'ombe za malowolo tinapereka zonse. Koma ine ndimadziwa kukonza njinga, osati kulera ana. Ndinayankha kuti ndamva.

Aphunzitsi ankaphunzitsa amuna Lachiwiri, akazi Lachinayi akaweruka ku kwaya. Sabata yachitatu anatisonkhanitsa tonse. Anandikhazika pa mabenchi awiri olumikiza, amene anati ndi bedi la kuchipatala, n'kukuwa kuti mwana wa mwini mabasi alowe. Pakhomo panaoneka chitenje chobiriwira cha madontho achikasu. Chinali pachingwe kwathu dzulo lake. Chitenjecho chinatembenuka n'kutuluka. Ine ndinatulukira khomo la kumbuyo.

Aphunzitsi anatsala pakati ndi mapepala awo. Sanadziwe. Akanadziwa bwanji, anthu amene sanawaonepo ataima pamodzi? Wosewera ngati kondakitala ndi amene anawafotokozera. Anabwera kumbuyo kuja akupukuta thukuta.

"Madala, koma ndi sewero chabe."

"Maso ndi anga."

"Pa TV amagwirana manja bamboyo akamamwalira."

"A pa TV si apongozi."

Anazungulira holo kupita kukhomo la kutsogolo. Anabwerera.

"Akuti asiya iwo, inu mupitirize."

"Kawauzeni kuti ndasiya ine."

Anapita. Anabwerera.

"Akuti munthu wamkulu sasiya ntchito chifukwa cha mwana."

"Kawauzeni kuti..."

"Madala, ine si minibasi ya ku Songwe. Holo tinapempha kale, anthu tinawauza kale. Ganizani."

Ndinaganiza. M'mapepala aja, ine ndi iye tinkakumana malo amodzi okha, kumapeto, mwini mabasi ali pafupi kufa. Poyamba paja amamuthamangitsa kudzera mwa mlonda, ndipo pamenepo ndinaona kuti wolembayo anali ndi nzeru. Ndinati bedi likhale chakumbali, ine ndigone nditayang'ana kukhoma. Iye agwade patali, chitenje kumutu, ayang'ane kwa anthu. Zogwirana manja aphunzitsi aiwale. Mawu ndi a aphunzitsi, choncho olankhulanawo si ife.

"Pa TV nkhope imadzaza galasi lonse, misozi ikutsika," anadandaula aphunzitsi. "Anthu alira bwanji ndi msana?"

"Msana wanga amaudziwa. Ndi umene amauona ndikawerama pa njinga zawo."

Anazunguliranso. Anabwerera n'kunena kuti mkamwana wavomera. Ngakhale zinali choncho, gawo lomalizalo sitinaliyesere limodzi. Ine ndinkayankhidwa ndi aphunzitsi, iye ankagwadira mabenchi opanda munthu.

Tinasewera Loweruka masana, mu Epulo. Holo inadzaza. Kutsogolo pa mipando ya pulasitiki kunakhala anamwino, apolisi ndi makalaliki a ku boma, ambiri obwera kuno ndi ntchito. Anthu athu anali kumbuyo ndi m'mawindo. Anandiveka jekete lobwereka, lalifupi manja. Ndinachotsa ntchito kondakitala. Ndinakana kulipira chipatala cha mkazi wa dalaivala. Ndinalamula mlonda kuti ataye katundu wa mwana wanga kunja kwa geti. Mayi wina kumbuyo anakuwa kuti, "Ameneyo sakusewera, ndi momwe alili!" Anthu anaseka. Ine ndinapitiriza. M'mapepala munalibe yankho.

Kenako anandigoneka pa mabenchi aja n'kundifunditsa nsalu yoyera. Pakhoma panali mng'alu, ndipo nyerere zinkakwera pamzere. Ndinamva mawondo akugunda matabwa kumbuyo kwanga.

"Ndabwera, bambo."

Mawu ake ndinkawamva akamakalipira ana kapena kuitana nkhuku. Kulunjika kwa ine kanali koyamba.

Pepala linkati ndinene kuti, "Mwana wanga, ndinakumana chuma changa, undikhululukire." Ndinkawadziwa bwino mawuwo. Ndinayang'ana nyerere zija. Ndinalankhula m'Chinkhonde, mokweza, kuti a m'mawindo amve. Ndinati pamaliro paja ndinanama. Ndinati mwana wanga anathawa yekha, anatsatira mkazi wina, ndipo ndakhala ndikudziwa zaka zinayi. Ndinati amene ndinamunamizira ndi amene wandidyetsa masiku onsewa, ndipo aliyense womuloza chala kuchitsime abwere adzaloze ine ku depoti, ndimakhalapo kuyambira m'mawa.



Wapolisi wina kutsogolo anafunsa mnzake, "Akuti chiyani madalawa?"

"Kaya. Pa TV sizinali choncho," anatero namwino.

"Khalani chete inu apatsogolo!" Anali mayi yemwe uja anakuwa poyamba.

Aphunzitsi anali kuseri kwa katani, akunong'oneza: "Ndinakumana chuma changa! Madala! Chuma changa!" Chinkhonde samva. Ankaganiza kuti ndasokonezeka.

Kumbuyo kwanga kunalibe mawu. Ndinawerenga mpaka khumi, monga ndimachitira pakhonde. Ndinapitirira mpaka makumi awiri. Nyerere zinafika pawindo.

"Ndamva, bambo. Pumulani."

Amenewo anali a papepala. Kenako anawonjezera liwu limodzi lakwathu, lothokoza, limene papepala panalibe.

"Ndaga."

Pepala linkati nditsokomole katatu ndisanafe. Ndinatsokomola kamodzi n'kufa. Manja anaomba a kutsogolo okha. A kumbuyo ankamina.

Titatha, aphunzitsi anandipeza ndikuvula jekete.

"Munaiwala mawu?"

"Ukalamba."

"Koma anthu alira, madala. Ndi msana womwewo! Sabata yamawa tikaseweranso ku Uliwa."

"Mukatenge wa Fomu 4 uja. Ine ndafa kale."

Mlongo wanga sanandilankhule masiku atatu. Tsiku lachinayi anati nkhani yotere ndikanatuma iye, ndi ntchito yake. Ndinati ikanachedwa kufika. Anati bodza, ikanafika tsiku lomwelo. Pamenepo ananena zoona.

Lolemba mbale inafika pa kampando monga kale. Nsanamira inagogodedwa kawiri. Munali mbalagha, nthochi zophika ndi nyama ya ng'ombe, mchere wochepa monga amachitira nthawi zonse. Za ku Chilumba sindinafunse. Ndikanafunsa ndani?

Patapita masabata awiri, ndikupita kukamanga mbuzi, ndinaona maenje asanu ndi awiri kuseri kwa khitchini ya mkamwana. Munali mphukira za nthochi, dothi likadali lonyowa. Nthochi imatenga chaka kuti ibereke. Ndinaima pang'ono, n'kukamanga mbuzi kutali, kuti zingadye masamba.

Mpunga unakololedwa mu Juni. Matumba analowa m'nyumba yake, sanakwere galimoto.

Chiyambire tsiku lija sitinalankhulanenso, ndipo sitidzalankhulana. Panjira amapatuka, ine ndimayang'ana kumbali. Mwezi watha nsanamira inagogodedwa m'mawa, nthawi yosakhala ya chakudya. Ndinawerenga mpaka khumi. Pa kampando panali mkoko woyamba wa nthochi zija, wathunthu, wosachotsapo phava ngakhale limodzi.