Kaloko ka Che Saidi

Lolemba lapitali ndinapita ku Limbe kukatenga buluku langa, ndipo ndinalipeza lili m'ndende.

Sindikuseka. Buluku lakuda la suti, lomwe ndinasiyira Che Saidi kuti alikulitseko m'chiuno, poti masiku ano zovala zikumachepa zokha zili m'sutikesi. Loweruka kunali chinkhoswe cha mwana wa mchemwali wanga ku Manja, ine ndiye nkhoswe ya kuchikazi, ndipo nkhoswe siyimirira pagulu itamanga buluku ndi pini.

Kwa amene simukuwadziwa, Che Saidi ndi telala wa pakhonde. Asoka pakhonde la sitolo ya nsalu ya Mayi Chirombo zaka zochuluka moti miyendo ya makina awo inakumba timaenje tinayi m'simenti. Ndinapisamo chala ndekha. Nthawi ya dzinja mumaswana achule. Wokayika apite akaone.

Mwambo wa pakhonde mukuudziwa. Poweruka, telala amalowetsa makina ake m'sitolo pamodzi ndi thumba la zovala za anthu, m'mawa n'kutulutsa. Lachitatu la sabata inayo Che Saidi analowetsa monga mwa masiku onse. Kuyambira pamenepo makinawo sanaonenso dzuwa.

Ndinawapeza atakhala pa mpando wawo, dzanja lili patsaya, tepi ili m'khosi, kutsogolo kwawo kulibe kanthu koma timaenje tija.

"Che Saidi, kwagwa maliro?"

"Bola maliro, achimwene. Pamaliro anthu amabwera ndi ufa."

Anandilozera chitseko. Ndinawerenga maloko asanu ndi awiri. Ndinavula magalasi, kupukuta, kuwerenganso. Asanu ndi awiri ndithu.

Nkhani yake ili motere. Nyumbayo ndi ya a Kasamu, mkulu wachimwenye wobadwira konkuno, amene Chinyanja chawo chili ndi miyambi yambiri kuposa changa. Atakalamba anasiyira zonse mwana wawo Faruki. Faruki anafuna kugawa sitoloyo kuti mukhale timashopu ta mafoni, khonde alitseke ndi magalasi. Anauza Mayi Chirombo kuti pakutha pa mwezi atuluke.

Mayi anati, bambo ako anandiuza kuti ndikhala muno mpaka nditatopa, ndipo sindinatope.

Faruki anati, pepala lake lili kuti?

Mayi anati, tinagwirana chanza, tinamwa tiyi.

Faruki anapempha kuti aione tiyiyo.

M'mawa mwake Faruki anabwera ndi loko wake n'kumukoleka pamwamba pa loko wa Mayi, kuti asalowe. Mayi anawonjezera wina, kuti Faruki asatulutse katundu. Faruki anabweretsa wamkulu ngati mutu wa mbuzi. Mayi anaitanitsa wowotcherera zitsulo kuti aike pokolekera pena, poti malo anali atatha. Kenako panabwera tcheni. Pofika Lolemba chitseko chinali chitapendekeka ndi kulemera, ndipo wogulitsa maloko wa tsidya la msewu anali atagula njinga yamoto. Ndinamuona akuiphunzira.

Koma pansi penipeni, polumikizana nsonga ziwiri za tcheni, panali kaloko kachisanu ndi chitatu, ka sutikesi, kakang'ono ngati chikhadabo.

"Nanga aka n'ka ndani?"

"Kanga."

"Inunso mukutsekera ndani, Che Saidi?"

"Sindikutsekera munthu ine. Ndikungofuna kuti tsiku lotsegula adzandiitane."

Ndinaseka, koma nkhaniyo sinali yoseketsa. Tsiku lililonse lomwe makina aja anali m'kati, munthuyu amapita kunyumba manja lendelende. Ndipo mkanganowo ukanatha mwanjira ina iliyonse, wopambana akhale Mayi kapena Faruki, palibe amene anali atatchulapo khonde. M'mlandu wonsewo Che Saidi munalibe. Munali makina awo okha.

Madzulo ndinagogoda kwa anansi anga ku Soche, Anaphiri, amene ndi loya komanso timaimba limodzi kwaya. Ndinafunsa ngati buluku lingapatsidwe belo.

"Abambo inu, khalani pansi," anatero. Anandifotokozera pang'onopang'ono ngati akuphunzitsa Sande sukulu. Anati pangano la pakamwa ndi pangano ndithu, koma vuto lake n'lakuti tsiku la mkangano aliyense amakumbukira mawu omukomera. Anati mwini nyumba akafuna kutulutsa munthu pali njira yake: amamulembera chidziwitso chopereka nthawi yoyenera, ndipo akakana, nkhani imapita kukhoti. Kungobwera ndi loko kukhoza kumutembenukira mwini nyumbayo, n'kulamulidwa kupereka chipukutamisozi pa malonda amene anaimitsa. Wa lendi nayenso akatsekeredwa asamathamangire ku hadiweya kukagula loko. Athamangire kwa loya, akapemphe khoti chiletso kuti chitseko chitseguke uku mlandu ukumvedwa.

"Nanga telala?"

"Makina ndi ake, ali ndi ufulu wowaitanitsa. Koma khonde, popanda cholembedwa, akukhalirapo chisomo."

Kenako anawonjezera kuti mikangano yotere yambiri siyenera kufika n'komwe pamaso pa woweruza. Pali mkhalapakati, munthu amene mbali zonse zamuvomereza, amakhazika anthu pansi mpaka atagwirizana, zogwirizanazo n'kulembedwa, n'kusainidwa. Ngakhale khoti lenilenilo, anatero, limakonda kuyamba lafunsa ngati mwayesa kukambirana.

Apa ndiye ndinachita manyazi, ine nkhoswe.

Taganizani, abale anga. Ife sitilola mwana wathu kulowa m'banja popanda ankhoswe. Timadziwa kuti chikondi chimakoma lero, mawa mbale zimauluka, ndiye timasankhiratu anthu odzathamangirako. Timawaonetsa pagulu, timawapatsa nkhuku. Koma pochita lendi sitolo, momwe muli chakudya cha ana athu ndi fizi yawo, timangogwirana chanza n'kumwa tiyi. Bwanji?

Timati kupempha pepala n'kusakhulupirira munthu. Timaopa kuti a landilodi atiyesa amwano. A landilodi nawonso amaopa kuti akalemba adzimanga okha. Ndiye tonse timamwetulirana zaka makumi awiri, kuiwala kuti wogwirana naye chanza amakalamba, ndipo mwana wake sanamwe nawo tiyi uja. Pakadafunda padajiwitsa galu.

Zikavuta, khoti lathu loyamba ndi loko. Apilo yake ndi msuweni wapolisi. Ikakanika imeneyo, timadula madzi. Ku Ginnery Corner ndikudziwa garaja ina yomwe mwini malo anachotsa geti n'kupita nalo kunyumba, wa lendi n'kubwezera pochotsa mpanda. Panopa onse awiri amalondera bwalo lopanda kanthu mosinthana. Ndikulumbira, amapatsana moni posinthana shifiti.

Amati mlandu suwola. N'zoona. Koma nsalu imawola, kasitomala amapeza sitolo ina, ndipo makina osokera amachita dzimbiri.

Lachinayi zinthu zinasintha. Mbali zonse zinali zitaonana ndi maloya, ndipo zikuoneka kuti aliyense anauzidwa zomwe ine ndinauzidwa, chifukwa onse anafika ali ofatsa ngati ana a kalasi ya ubatizo. Anagwirizana zoitana mkhalapakati, bambo wina wa imvi wodekha, amene anakana kukambira nkhaniyo muofesi. Anati tikakhale pomwe pali chitsekocho. Choncho bwalo linakhala pakhonde, pamipando yobwereka. A Kasamu nawo anabwera, akuyenda ndi ndodo. Ine ndinalipo ngati woimira buluku.

Sindikuuzani zonse. Mayi Chirombo analira pang'ono. Faruki anafotokoza kuti denga likudontha ndipo nyumbayo iyenera kudzisamala yokha, zomwe zinali zoona. Pomaliza anapangana kuti Mayi atsala ndi mbali ya kutsogolo kwa zaka zitatu, zotha kuwonjezeredwa, Faruki adula mbali ya kumbuyo n'kuboola khomo loyang'ana msewu winawo. Wofuna kusintha maganizo azilemba kalata nthawi ikadalipo. Analemba, anawerenga mokweza, anasaina.

Kenako mwambo wotsegula. Faruki loko wake, Mayi wawo, Faruki, Mayi, ngati akuvina mosinthana. Maloko asanu ndi awiri anaunjikidwa pansi. Tcheni sinagwe. Kaloko kaja kanali kakugwirabe.

"Aka n'ka ndani? Tabweretsani pulayazi," anatero Faruki.

Che Saidi anaimirira. Kakiyi kanali kakulendewera kunsonga ya tepi yawo.

"Pepani bwana, pulayazi musavutike nayo, kiyi ndili naye. Ndimangofuna kufunsa. M'pepala mwawerengamo, khonde lili pa tsamba liti?"

Mkhalapakati anatembenuza masamba onse awiri, ngakhale amadziwa kuti mulibe. Mayi Chirombo anayang'ana pansi.

A Kasamu anagogoda simenti ndi ndodo, pafupi ndi timaenje tija.

"Faruki, yunifomu yako yoyamba ya sukulu anasoka ndani?"

"Che Saidi, adadi."

"Kabudula uja unang'amba pa geti, amene amayi ako sanamudziwe mpaka lero?"

"Adadi, pali anthu."

"Ndiye lembani. Ine ndinalakwa kusalemba kale. Ndinkayesa ndikhala mpaka muyaya."

Mkhalapakati anatulutsa cholembera n'kuwonjezera ndime ndi dzanja: kuti telala Saidi ali ndi chilolezo chosokera pakhonde ndi kusunga makina ake m'sitolo nthawi yonse ya panganolo, ndipo khonde silitsekedwa. Anawachenjeza kuti chimenechi n'chilolezo, si umwini. Che Saidi anati umwini wa khonde alibe nawo ntchito, sangapite nalo kumudzi. Onse anasainanso m'mbali. Che Saidi anasaina pomaliza, pang'onopang'ono, lilime lili panja, ngati akulowetsa ulusi pa singano.

Atatero anatsegula kaloko kawo. Tcheni inagwa. Faruki yemweyo ndi amene anagwira mbali imodzi ya makina potulutsa, ndipo miyendo inayi inalowa m'timaenje take popanda woilozera.

Buluku langa linatuluka likununkha nsalu zatsopano. Che Saidi anandizunguliza tepi m'chiuno, n'kuyang'ana nambala, n'kundiyang'ana ine.

"Achimwene, buluku linali m'ndende, koma inu kunja kuno simumavutika."

Analisoka tsiku lomwelo, ndipo Loweruka ku Manja ndinaimirira bwinobwino popanda pini. Ndinalangiza anawo kuti zikadzavuta asadzatsekerane zitseko, adzabwere kwa ine. Anthu anawomba m'manja poyesa ndi nzeru zanga.

Tsono inu a landilodi, ndi inu a lendi, pepala lanu lili kuti? Ndipo tsiku lomwe mudzapse mtima n'kupita kukagula loko, mudzayambe mwayang'ana pakhonde. Mukutsekera makina a ndani?