Mlandu wa Abakha Anga

Ndikukumbukira dzinja limene abakha anga anaweruzidwa kuti aphedwe. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Matipate anali atangobwera kumene, ndipo munthu aliyense mu Zomba anali atatulukira mwadzidzidzi kuti ali ndi pakamwa. Kumsika anthu ankadandaula za boma, m'minibasi ankadandaula za misewu. Koma kwathu, m'munsi mwa phiri kumtunda kwa tauni, ankadandaula za abakha anga.

Abakhawo ndinawalera ndekha. Woyamba ndinapatsidwa ali kamwana, ndipo atakula ndinamutcha Nachisale chifukwa ankayenda mwamatama ngati mayi wokapereka mphatso paukwati. Nachisale anaswa, banja linakula. Ndinawakumbira kadziwe kuseri kwa nyumba ndi khasu la amayi, ndipo tsiku lililonse ndinkathiramo madzi mpaka kusefukira, poti ndinkafuna kuti abakha anga azisamba ngati mabwana. Madzi osefukirawo ankatsetsereka n'kukathera m'nthochi za bambo.

Nthochi zimenezo ndizo zinali ulemerero wa bambo anga. Ntchito yawo inali yautelala pakhonde la sitolo ya amwenye mutauni, koma akaweruka sankakhala pansi asanazungulire nthochi zawo. Malo athu anali otsetsereka, ndiye iwo anali ndi njira yawo yotetezera nthaka: akadula mkoko, thunthu ankaligoneka chopingasa n'kulikhomera zikhomo kuti madzi ochokera kuphiri asakokolole munda. Mizere ya mathunthuyo ankaionetsa kwa mlendo aliyense, wofuna ndi wosafuna yemwe.

Mvula itakhazikika kunabwera tizilombo. Sunali udzudzu ayi. Udzudzu uli ndi ulemu, umayamba wakuimbira kukhutu. Timeneti tinkabwera mwakachetechete m'mawa ndi madzulo, tating'ono kwambiri moti unkangoona kadontho kakuda pamkono, kenako kuwotcha, kenako kuyabwa kosatha. Dzina lake sitinkalidziwa, tinkangoti fumbi loluma. Tonse tinkangokhalira kukanda, ngakhale pakati pa pemphero.

Tsiku lina amake Shaibu, amene tinayandikana nawo nyumba, anabwera atabereka khanda lawo. Analitsitsa kumsana n'kuonetsa bambo timiyendo take. Tinali tiziphuphu tofiira tokhatokha, tina titayamba kutukusira.

"Bambo a Tiya, taonani mwanayu," anatero. "Neti ndagula ine, koma zikungodutsa ngati palibe kanthu. Ndi chithaphwi cha abakhachi basi. Kale kunalibe zimenezi kuno."

Bambo anga anali munthu wosafuna kuyambana ndi aneba. Anayang'ana mwanayo, anadzikanda pakhosi, n'kugamula pompo. "Loweruka dziwe likwiriridwe. Abakha ena tidya, ena tigawa."

"Koma ababa, abakhawo salumatu," ndinatero misozi ili lengelenge.

"Matipate athera pamsewu apo. M'nyumba muno sanalowe."

Tsiku limenelo sindinadye. Nachisale ndinkamukonda kwambiri, ndipo ndinakwiyira aliyense, ngakhale khanda losalakwa lija.

Amene anachedwetsa mpeni ndi amalume, mlongo wawo wa amayi. Ankagwira ntchito kukoleji, m'chipinda chodzaza ndi tizilombo ta m'mabotolo, ndipo abale ankawaseka kuti munthu wamkulu ndi ndevu zake akulandira malipiro chifukwa chothamangitsa ntchentche. Anadzatichezera mawa lake, anamva nkhani yonse, n'kufunsa modekha.

"Alamu, tizilomboti mwationa tikutuluka m'dziwemo?"

"Nanga tingatuluke kuti?" anayankha bambo. "Madzi ali pomwepo."

"Mwina n'zoona. Koma totere timayamba tili mphutsi, ndipo mphutsi siithawa. Mundibwereke mwanayu mawa, ndikukwera kuphiri kukagwira ntchito. Tikabwerako tidzaliyeza dziwelo aliyense akuona."

Ndinafuna kuwakumbatira, koma ananditembenukira nkhope ili gwa. "Ndikuuziretu, Tiya. Ndikazipeza m'dziwe lakolo sindidzakuikira kumbuyo ayi. Mpeni ndidzanola ndine."

Sukulu zinali zitatsekera, ndiye tinanyamuka m'mawa kudzera njira yachidule imene amatsikira ogulitsa mbatata. Tinkapatukira azimayi osenza mitolo ya nkhuni yaitali kuposa iwo eni. Pamwamba tinapeza nkhungu yozizira ndi fungo la mitengo ya paini, ndipo amalume anandigulira mabulosi m'mbali mwa msewu, ndinadya mpaka milomo kufiira. Tinakakhala m'mphepete mwa kamtsinje, iwo n'kutulutsa zida zawo: mbale yoyera yachitsulo, supuni, timabotolo, ndi kagalasi kokuzira zinthu kamene ankakavala m'khosi.

Anayamba ndi madzi a m'phako la mtengo. M'mbalemo munaoneka timphutsi ta chifuwa chachikulu ndi ubweya, tolendewera chamutu pansi. "Awa ndi ana a udzudzu," anatero. "Wakaona kampope kumchirako? Amapumira pamenepo, n'chifukwa chake sachoka pamwamba pa madzi." Kenako anatapa matope a pansi pa madzi, ndipo munatuluka mphutsi zofiira psuu, zosambira modzipindapinda. Anandiuza kuti ndiyang'ane kuseri kwa mutu ndi kumchira. Galasilo linandivuta poyamba, ndinkangoona chala changa chitakula ngati chinangwa. Dzanja litakhazikika ndinaona timiyendo tiwiri tatifupi tonenepa pafupi ndi mutu, ndi tiwiri tina kumchira. Amalume anati zimenezo zikakula zimafanana ndi udzudzu, koma siziluma munthu.

Zachitatu zinatitengera nthawi. Sizinali m'madzi, sizinali pouma, zinali m'masamba owola a m'mphepete, ponyowa nthawi zonse. Amalume anatsukira masambawo m'mbale, tinadikira kuti zinyalala zikhazikike, kenako analoza ndi kamtengo. Kanali kaulusi koyera, kocheperako kuposa tsitsi la nsidze, kakuthamanga m'madzi chokhotakhota ngati njoka. M'galasi ndinaona kamutu kolimba kofiirira, kosongoka, kokhala ndi timadontho tiwiri ta maso. Thupi linali la mfundomfundo ngati nzimbe, losalala, lopanda mwendo ndi umodzi womwe, lopandanso mpope. Kumchira kunali timaubweya tochepa basi.

"Ameneyu ndiye mwana wa fumbi lako loluma," anatero amalume. "Usamathamangire kufiira kapena kuyera. Yamba ndi mutu, ufufuze miyendo, umalize ndi mchira. Ukatha pamenepo ndiye utsegule pakamwa."

Anandibwerezetsa mpaka ndinayamba kuzitchula ndisanafunsidwe. Ndinasangalala tsiku limenelo moti ndinaiwala za Loweruka. Ndinadzakumbukira tikutsika, nditaona denga lathu patali pakati pa nthochi.

Mawa lake tinasonkhana kuseri kwa nyumba: bambo, amayi, amalume, ine, ndi amake Shaibu mwana ali kumsana. Amalume anapempha shuga, amayi n'kuganiza kuti akufuna tiyi. Ataona shuga wawo akusungunulidwa m'madzi n'kuthiridwa m'ndowa ya matope a abakha, anagwira m'mutu.

"Achimwene, shuga wanga m'zitosi? Mwapenga kodi?"

"Madzi a shuga ndi olemera, achemwali. Matope amatsika, mphutsi zimayandama."

Zinayandamadi, zofiira psuu, zambirimbiri.

"Si izo!" anakuwa amake Shaibu. "Zakhuta magazi a mwana wanga. Taonani kufiirako!"

Bambo anagwedeza mutu kuvomereza. Ndinayang'ana amalume kuti ayankhule, koma anangosamutsira mphutsizo m'mbale ya madzi oyera, anavula galasi m'khosi, n'kundipatsa. Ndinayamba ndi mutu monga anandiphunzitsira. Timiyendo tinalipo, kutsogolo ndi kumchira. Ndinayang'ana ina, ndinayang'ana inanso, poopa kuti pakati pawo ndipeza kaulusi koyera kaja. Amalume anatapa matope mbali zonse za dziwe mpaka shuga wa amayi anatha, koma kaulusi sikanaoneke.

"Izi zili ndi miyendo," ndinatero. "Kufiiraku n'kobadwa nako. Sizinalumepo munthu, ndipo zikakula sizidzaluma."

"Nanga toluma tikugwa kumwamba?" anafunsa bambo.

Amalume anangotsatira kanjira ka madzi osefukira m'dziwe, kutsetsereka nako mpaka pamzere woyamba wa mathunthu a nthochi. Atapondapo phazi linalowa, thunthu lili lofewa ngati phala, fungo lake ngati la masese. Anang'amba chidutswa, anachifinyira m'mbale, n'kuthirapo madzi. Shuga sanafunikenso. Mbale yonse inali timaulusi toyera tikuthamanga uku ndi uku. Pamwamba pa madzi panayandama tina tofiirira, tonenepa chakumutu, tokhala ndi tinyanga tiwiri. Amalume anati timeneto tamaliza umphutsi, tikungodikira mapiko, ndipo tinyangato n'topumira.

Galasi anapatsa bambo. Telala ulusi sumuphonya. Bambo anagwada pamatope ndi buluku lawo la kuntchito, anayang'ana nthawi yaitali.

"Miyendo ilipo, alamu?" anafunsa amalume.

"Palibe," anatero bambo chapansipansi. "Ulusi weniweni, koma wokhala ndi mutu."

Ine chimwemwe chinandikwera m'mutu, ndipo ndinatsegula pakamwa kuti ndinene zimene mwana sayenera kunena kwa bambo ake. Amalume anandidula ndisanayambe. "Iwe, mathunthu a anthu ena amauma dzuwa likawala. Awa akunyowa ndi madzi a ndani tsiku ndi tsiku?" Pakamwa panatsekeka pokha.

Bambo sanagonje msanga. Anati mphutsi aziona, koma kuluma sanakuone. Ndiye amalume anatola ta tinyanga tija, anatiika m'botolo pamodzi ndi kachidutswa konyowa ka thunthu, n'kumanga nsalu pakamwa pa botolo. Bambo anakaliika pawindo la kuchipinda kwawo, n'kulengeza kuti abakha adikira botololo. Loweruka linadutsa mpeni uli m'kabati. Masiku amenewo ndinkamudyetsa Nachisale gaga wambiri ngati ndikutsanzikana naye, iye osadziwa kanthu, akungodya n'kumagwedeza mchira.

M'mawa wina bambo anandiitana kuseri kwa nyumba. Ndinawapeza atapinda malaya mpaka pachigongono, nsalu atachotsa, botolo atalivundikira pamkono. Timadontho takuda tinali titatera pakhungu pawo. Anapirira ndithu, tsinya lili pamphumi, kenako anachotsa botolo n'kupukuta mkonowo. Panatuluka tiziphuphu tofiira, tofanana ndendende ndi ta pamiyendo ya Shaibu.

Anatenga khasu limene linali pakhoma. Mtima wanga unasweka, ndinati basi dziwe lapita, poti madzi anga nawonso anali ndi mlandu. Koma khasulo anandipatsa ine.

"Kumba ngalande. Madzi akowo azilowera kumsewu, asamadutsenso m'nthochi."

Iwo anavula malaya n'kuyamba kuzula zikhomo. Mizere yonse imene ankainyadira ija anaisenza okha, thunthu ndi thunthu, madzi owola akuyenderera kumsana, n'kukaiyala pathanthwe kuti iume. M'malo mwake anadzaika miyala. Atasamba anapita kwa amake Shaibu, anawaonetsa mkono uja, n'kunena kuti, "Zimachokera kwa ine, mayi. Pepani." Kwa ine sanapepese ayi, ndipo sindinayembekezere. Anangoima m'mbali mwa dziwe madzulo ake, Nachisale akudutsa ndi matama ake aja, n'kunena, "Mayi Nachisale, mlandu watha. Pitani kwanu."

Fumbi loluma silinatheretu, m'mbali mwa phiri silingathe, koma linachepa moti tinayambiranso kukhala pakhonde madzulo. Timiyendo ta Shaibu tinapola. Amayi anakhala akuwakumbutsa amalume za shuga wawo pa mwambo uliwonse wa pabanja. Nachisale anadzafa ndi ukalamba.

Kwa zaka zambiri nkhaniyi ndinkaikamba ngati ya nzeru zanga, ya kamtsikana kamene kanapulumutsa abakha ndi galasi. Lero ndili ndi ana anga, nanenso ndimagamula milandu pakhomo, ndipo ndimaiona mwanjira ina. Kusiyanitsa mphutsi si ntchito yaikulu, mwana anaiphunzira tsiku limodzi kuphiri akudya mabulosi. Ntchito yaikulu ndi imene anagwira bambo anga. Anali atagamula kale pamaso pa aneba, mphamvu zonse pakhomo zinali zawo, ndipo botolo lija linali kuchipinda kwawo, kumene palibe akanaona iwo atalikhuthulira panja. Koma anadzuka m'mawa, anapinda malaya, n'kupereka mkono wawo.